Njira Imene Analambula Mayi a Thoko

Kwa zaka khumi ndi zitatu, mkaka wa mutiyirumu yanga pa Malomo ndinkagula kwa munthu mmodzi. Dzina lake ndi Luckness, ngakhale ambiri timangomutchula kuti mayi a Thoko. Ankafika dzuwa litangoyamba kutentha, zigubu ziwiri zitamangidwa ndi malegeni pakeliyala ya njinga, chisoso chitamatirira kuchitenje. Mkaka wake sankathiramo madzi. Tiyi ankamwa ali chiimire, kenako n'kubwerera kumapiri.

Luckness anabadwira pa esiteti ya fodya kumadzulo kwa Malomo. Bambo ake, a Langton, anali tenanti wochokera ku Phalombe. Anabwera pa lole ndi mkazi wawo kuti adzalime nyengo ziwiri zokha, koma anakhala zaka makumi awiri. Luckness anaphunzira njinga ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo sanaiphunzire posewera. Ankatuta fodya kuchokera kumunda kupita kuchigafa, mwendo ataulowetsa pansi pa felemu chifukwa pachishalo sankafikira. A Langton atamwalira ndi chifuwa, galimoto yonyamula maliro mpaka ku Phalombe sinapezeke. Anawaika kuseri kwa mabulugama, pakangodya kamene mwini esiteti anapatula kuti aziikapo matenanti. Mayi ake anatenga ana aang'ono n'kubwerera kwawo. Luckness anatsala, chifukwa anali atafunsiridwa kale ndi Elisha wa ku Mphanda, mudzi wa pamwamba pa mapiri kumene anthu amaweta ng'ombe.

Popeza analibe mudzi woti mwamuna akalowe chikamwini, anamutenga chitengwa. Elisha anali ndi ng'ombe zinayi m'khola la bambo ake. Mkaka kumeneko unkangomwedwa ndi ana, wina n'kumasasa m'zikho. Luckness ndiye anayamba kuutsitsa ku Malomo, ndipo umu ndi mmene tinadziwirana.

Poyamba ankadzera mumsewu waukulu wafumbi. Chaka china mu Julaye, lole yonyamula mabelo a fodya inamukhudza ndi ngodya ya kumbuyo n'kumugwetsera m'ngalande. Dalaivala sanaime. Fupa la paphewa linathyoka, mkaka wonse unamwedwa ndi fumbi. Nditapita kukamuona kuchipatala, anali atayang'ana kukhoma.

"A Ester," anatero, "mumsewu umenewu sindidzapondamonso."

Ndinaona ngati ndi ululu umene ukulankhula. Koma phewa litapola, anatenga khasu. Kumapiri kuja kuli tinjira tambirimbiri ta ng'ombe, tina totsikira kudambo, tina tokwera kubusa, tina tongothera m'tsekera. Luckness anayamba kutilumikiza. Pamene panali miyala anaigubuduzira pambali, pamene panali zitsa anazula. Pamtsinje wa Kamwala anakoka mitengo inayi ya bulugama ndi ng'ombe zapagoli n'kuika ulalo, ndipo chaka chilichonse mvula ikatha ankaukonzanso. Malo amodzi okha ndiwo anamuvuta. Pakati pa madambo awiri panali munda wa a Benjamini, mkulu wina wosakonda zolankhulalankhula, ndipo kuuzungulira mundawo kunali kugwera m'chigwembe. Luckness anapitako katatu. Ulendo wachitatu anapeza akazi awo akudwala, osadya kanthu, ndipo anawasiyira kapu ya mkaka. Anachita chimodzimodzi mawa lake ndi mkuja wake, osatchulanso za njira. Patapita milungu iwiri a Benjamini anatenga khasu okha n'kufafaniza mizere iwiri ya m'mphepete.

"Ndapatsa inuyo," anamuuza. "Sindinapatse mudzi."

Njira yonse inatenga zaka zinayi kuti njinga iziyenda popanda kuinyamula. Galimoto singalowemo, ngakhale ngolo. Anthu ena anayamba kuitsata, opita kuchigayo, opita kusikelo, ndipo onse ankangoti njira ya mkaka. M'zaka zomwezo Elisha anapita ku Joni kukafuna ntchito. Chaka choyamba ankaimba foni Lamlungu lililonse, chachiwiri mwa apo ndi apo, chachitatu nambala inasiya kugwira. Luckness anatsala ndi mwana wawo mmodzi, Thoko, ndi ng'ombe zija, zimene tsopano zinali zitaswana.

Mu Juni 2019, akutsika ndi mkaka, anapeza mayi wina atakhala pakhoma la dibi la ng'ombe, buluku yothina, chisoti kumutu, njinga ya matayala onenepa itagona pambali. Tayala linali litaphwa ndipo pampu yake inali itathyoka. Luckness anamatula chubu, kumata, kupopa ndi pampu yake. Mayiyo anati dzina lake ndi Princess, amagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo anasochera.

"Mukupita kuti ndi njinga yopanda katundu?" Luckness anafunsa.

"Palibe kumene ndikupita. Ndimangokonda kupalasa. M'tauni magalimoto atitha, mnzathu wina tinamuika mwezi watha. Ndikufuna malo opanda galimoto."

"Ndiye nditsateni."

Anafika pakhomo pa tiyirumu yanga Princess akupuma wefuwefu, Luckness ali ndi zigubu zake zodzaza. Princess anamwa makapu awiri a tiyi, akuseka yekha, akutionetsa pafoni kamzere kofiira kokhotakhota. Anati foni inkalemba njira yonse pamene ankayenda. Luckness anayang'ana kamzereko nthawi yaitali, n'kuloza ndi chala pamene panali ulalo.

Loweruka lachitatu Princess anabwera ndi anthu asanu ndi atatu, njinga zitamangidwa pamwamba pa magalimoto. Ena anali a kubanki, wina dokotala, azungu awiri. Magalimoto ankawasiya pa Malomo, n'kukwera phiri ndi njinga, kuzungulira kubusa, n'kutsikanso. Luckness ankatula mkaka msanga, n'kuwatsogolera. Princess anamubwereka njinga ya magiya ndi chisoti. Ulendo ukatha onse ankathera kwa ine. Ndinagula mafulasiki atatu ndi matebulo awiri atsopano, ndipo Loweruka ndinkakazinga mandasi kawiri.

Tsiku loyamba lija Luckness atatsika panjingayo anandikokera kuseri kwa khitchini.

"A Ester, kodi mukudziwa kuti pamwamba pa Mphanda pamaoneka mapiri a ku Dowa?"

"Inu simudutsapo tsiku ndi tsiku?"

"Ndimadutsapo nditawerama. Munthu wa zigubu amayang'ana tayala lakutsogolo. Lero alendo aja anaima kuti ajambule, ndiye nane ndinadzutsa mutu." Anandigwira mkono. "Ndipo pamtsetse wa ku Kamwala ndinasiya mabuleki. Kumbuyo kulibe chogwedezeka, kulibe chotayika. Ndinamva mphepo ikulira m'makutu. Zaka zonsezi ndimayesa njinga ndi khasu la matayala."

Sindinamuonepo akuseka choncho chiyambire. Alendo ankamukonda. Chingerezi sankachidziwa, koma ankadziwa pamene pali mchenga woterera, ng'ombe imene imagunda, mwezi umene masuku amapsa ndi mtengo umene masuku ake satsekemera. Abusa akatsekereza njira ndi ng'ombe ankaziitana ndi mluzu, izo n'kupatuka. Anayenda choncho chilimwe chimenecho chonse. Kenako kunabwera korona, alendo anasiya kubwera, ndipo Luckness anapitiriza kutsitsa mkaka ndi kukonza ulalo ngati kale.

Mu 2022 Princess anabweranso ndi nkhani yabwino. Bungwe lina linali litavomera kuthandiza: ligula njinga khumi, liika zikwangwani, ndipo otsogolera alendo aziphunzitsidwa ndi kulandira malipiro mwezi ndi mwezi. Koma bungwelo linkafuna kuti zonse zikhale m'manja mwa komiti ya anthu a m'midzi imene njira ikudutsamo. Komiti inasankhidwa, ndipo wapampando anakhala a Bonifasi, mkulu wake wa Elisha. A Bonifasi ankagula fodya ndi soya kwa alimi, ankadziwa kulemba makalata, ndipo njira ya mkaka anali asanaiyendepo ndi kamodzi komwe, chifukwa anali ndi njinga yamoto.

Msonkhano wosankha otsogolera unachitikira m'kalasi ya pasukulu ya ku Mphanda, Lachitatu masana. Ine anandiitana ngati wodyetsa alendo. Luckness anavala chitenje chatsopano n'kukhala kutsogolo. A Bonifasi anawerenga malamulo amene komiti inagwirizana. Lamulo lachinayi linati wotsogolera alendo akhale mbadwa ya m'midzi isanu ya m'derali. Kenako anawerenga maina atatu. Onse anali amuna. Wina anali Isake, mkamwini wa mlongo wawo, wochokera mudzi woyandikana nawo.

Luckness anaimirira. "Alamu, dzina langa sindinalimve."

"Khalani pansi, alamu, tifotokoze. Palibe amene akukukanani. Koma a bungwe anena kuti phindu lipite kwa eni dera."

"Ine ndili kuno zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri."

"Muli kuno chifukwa cha ukwati. Ndipo ukwatiwo, tisanamizane, mng'ono wanga ali ndi banja lina ku Joni, ana awiri. Ife takusungani chifukwa cha mwana."

Zimenezi Luckness anali kuzimva koyamba, pamaso pa anthu makumi anayi. Ndinaona dzanja lake likugwira desiki.

"Ndinabadwira m'boma lomwe lino," anatero. "Bambo anga agona kuno."

Munthu wina kumbuyo anafunsa chapansipansi kuti agona kumanda a mudzi uti, ndipo ena anaseka. A Bonifasi sanaseke. Anangoti, "Esiteti si mudzi, alamu. Kalata yotsimikizira kwanu ingachokere kwa mfumu iti?"

Luckness anatembenukira kwa Princess. Princess anali atagwira cholembera, akuyang'ana papepala.

"Mayi a Thoko, mukudziwa mmene ndimakulemekezerani," anatero. "Koma zam'mudzi sindingalowerere. Ndikalowerera, bungwe lichotsa thandizo lonse. Tidzaona mmene tingakuthandizireni m'tsogolo muno."

Pamenepo maso a Luckness anafika pa ine. Ine ndimadziwa zonse. Ndinamuona ali ndi phewa lothyoka, ndinaona matuza a khasu m'manja mwake zaka zinayi. Ndikanaimirira n'kunena, mwina ena akanatsatira, chifukwa amayi ambiri m'kalasimo ankayenda njira imeneyo popita kusikelo. Koma pa Malomo pali matiyirumu anayi, ndipo komiti ndiyo inkasankha kumene alendo azidyera. Ndinawerama n'kumakonza mpango wanga. Luckness anavula chisoti chimene anabwera nacho chili pamkono, anachiika patebulo pamaso pa Princess, n'kutuluka.

Mawa lake anabweretsa mkaka pa nthawi yake. Sananene kanthu za msonkhano, inenso sindinanene. Tiyi sanamwe.

Zikwangwani zinaikidwa, zobiriwira, zolembedwa m'Chingerezi, ndipo njira inapatsidwa dzina la phiri. Patapita miyezi iwiri mlendo wina anawombana ndi munthu wonyamula thumba la chimanga pakona ya kudibi, n'kuthyoka dzanja. Komiti inakhala pansi n'kuika lamulo lina: Loweruka ndi Lamlungu, kuyambira m'mawa mpaka masana, m'njiramo musadutse ng'ombe kapena njinga ya katundu. Loweruka loyamba Luckness anabwera ndi zigubu zake ngati kale. Pa ulalo anapeza Isake atavala malaya a komiti.

"Azakhali, lero ayi. Alendo ali m'njira."

"Mitengo mwapondayo anaikoka ndani?"

"Ine ndangotumidwa."

Mkaka sudikira masana. Anabwerera n'kukalowa mumsewu waukulu. Masiku amenewo msewuwo unali utadzaza ndi njinga zamoto za kabaza, kuwonjezera pa malole. Anafika kwa ine dzuwa lili pamutu, fumbi lili mpaka m'nsidze. Chigubu chimodzi chinali chitayamba kale kusasa. Ndinalandira zonse ziwiri, ndipo chosasacho ndinapatsa nkhumba za mnansi wanga. Loweruka ndi Lamlungu lililonse chilimwe chimenecho anadzera mumsewu.

Mvula ya chaka chimenecho inakokolola mitengo iwiri ya ulalo. Luckness sanaibwezeretse. Iye ankavula nsapato n'kuwoloka pamiyala, zigubu chimodzichimodzi pamutu, kenako njinga paphewa labwino lija. Komiti inakangana miyezi iwiri kuti akonze ndani. Alendo atayambiranso kubwera, otsogolera aja ankafika nawo khumi ndi awiri nthawi imodzi pamunda wa a Benjamini, ndipo mizere iwiri ija inawachepera. Matayala analowa mu mtedza. Ena ankaima kujambula nkhokwe ndi mkulu uja ali m'malaya ong'ambika, osapempha. Tsiku lina m'mawa anthu anapeza minga ya mthethe itaunjikidwa mbali zonse ziwiri za munda. A Bonifasi anapitako ndi kalata. A Benjamini anati iwo saona bwino zolembalemba, ndipo munda ndi wa malemu amayi awo. Pakati pa sabata Luckness akafika a Benjamini ankamuchotsera nthambi imodzi, iye akadutsa n'kubwezeretsa.

Popanda chidutswa chimenecho ulendo sunkazunguliranso. Alendo ankakwera, kufika paminga, n'kubwerera njira yomweyo. Anayamba kuchepa. Princess anabwera pakati pa sabata n'kudikira Luckness mutiyirumu mwanga.

"Mayi a Thoko, mkulu uja amamvera inu nokha. Kalankhuleni naye."

"Ndikalankhule ngati ndani?"

"Ngati munthu amene anayamba zonsezi. Ndalankhula ndi komiti, avomera kuti muzisesa ndi kukonza njira, muzilandira kenakake."

"Kutsogolera alendo?"

Princess anazengereza. "Lamulo lija silinasinthe."

Luckness anamasula malegeni, anatsitsa zigubu, anadikira kuti ndikhuthule, n'kuzimanganso. Kenako anati, "Kusesa kumafunanso mbadwa. Mlendo angasese molakwika." Anakwera njinga n'kumapita.

Anthu ena amati pamenepo anauma mtima, ndipo ine ndinali mmodzi mwa amene anataya makasitomala. Koma sindinapeze pakamwa pomuuzira kuti afewe.

Chaka chisanathe bungwe linaona kuti alendo sakubwera, linatenga njinga zake. Princess anapeza mapiri ena cha ku Dedza. Ananditumizira uthenga pafoni wothokoza chifukwa cha tiyi, n'kuti ndipereke moni kwa mayi a Thoko. Ku Mphanda mlandu wonse unagwera Luckness. Ankati analodza mkulu uja ndi mkaka, ankati obwera ndi choncho, chitukuko amadana nacho. Amayi anasiya kumuyankha moni pachitsime. Kenako a Bonifasi anabwera kukhola ndi abale awo awiri n'kunena kuti Elisha waimba foni, akuti ng'ombe zake zipite m'khola la mkulu wake. Ng'ombezo zinali khumi ndi imodzi. Zisanu ndi ziwiri zinabadwira m'manja mwa Luckness, ndipo iliyonse anaipatsa dzina. Anapempha kuti amve yekha mawu a Elisha. Anamuuza kuti foni ilibe mayunitsi. Anapita kukadandaula kubwalo la mfumu, ndipo kumeneko anati ng'ombe zinachokera m'khola la bambo a Elisha, choncho ndi za kubanja la Elisha. Akamupatse thole limodzi chifukwa cha thukuta lake. Anamupatsa lamphongo.

Anagulitsa tholelo n'kukwera basi ndi Thoko kupita ku Phalombe, dziko limene anali asanalionepo. Anakhalako miyezi itatu. Mayi ake anali atamwalira kale, kamunda kawo atagawana ang'ono ake, ndipo sikankakwanira ngakhale iwowo. Anamulandira bwino sabata yoyamba. Ana ankaseka kalankhulidwe kake, akulu ankamutchula kuti alendo a ku Ntchisi. Mlongo wake atayamba kufunsa kuti abwerera liti, anamanga katundu.

Tsopano amachita lendi chipinda chimodzi kuseri kwa chigayo pa Malomo. Amatunga madzi pamjigo n'kumaperekera omanga nyumba, zigubu zinayi paulendo umodzi, panjinga yomwe ija. Phewa limamupweteka kukazizira. Ine mkaka ndimagula wa ufa. A Benjamini anamwalira chaka chatha, ndipo adzukulu awo analima mpaka m'malire. Ndinamva kuti zikwangwani zina anthu anazula n'kupangira zitseko za makola a mbuzi.

Mwezi wathawu Thoko, amene tsopano ndi namwali wa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, anabwera mutiyirumu ndi fomu yofunsira malo kusukulu ya unamwino. Anabwereka cholembera changa n'kukhala patebulo la pakona. Mayi ake anafika ndi madzi anga a tsikulo, n'kuima pakhomo.

"Amayi, apa akuti mudzi ndi mfumu yaikulu. Ndilembe chiyani?"

Luckness anapukuta manja pachitenje. "Lemba Mphanda."

"Akakafunsa kwa atate aakulu aja, n'kukana?"

"Akakane iwowo. Iwe usayambe ndiwe kudzikana."

Thoko analemba. Ine ndinathira tiyi m'kapu, ndinaikamo shuga masupuni atatu, n'kumupatsira Luckness. Ndinati, "Mayi a Thoko, tsiku lija kusukulu ndinayenera kulankhula." Aka kanali koyamba kuti nditchule, patatha zaka zitatu.

Anayang'ana kapuyo, kenako ine.

"Munayeneradi," anatero. "Madziwa ndikhuthulire mumgolo uti?"

Ndinamulozera wa kuseri.